Bwato la Mafuta a Nkhumba ndi Mahatchi Akhungu a Enos Tackett

Bambo Enos Tackett anabadwa pa 9 Febuluwale 1829, anamwalira pa 23 Okutobala 1904, ndipo anawolotsa anthu pa mtsinje wa Wabash, padoko la tauni yathu ya Halbert, kwa zaka 34. Pamwala wa pamanda awo analembapo kuti anamwalira pa 24. Analakwitsa; ine ndinali m'nyumba mwawo pamene ankamwalira. Koma sindikulemba kuti ndikonze mwala. Ndikulemba chifukwa mwezi watha, pa 11 Epulo 1938, nyuzipepala ya m'boma lathu inatulutsa chithunzi cha bwato la Alonzo Whitlock, n'kulemba pansi pake kuti linali loto lokongola la anthu anzeru akale. Amene analemba zimenezo sanamve fungo lake. Ife tinalimva kwa masiku 84.

Pantoni yowolotsera anthu inali ya tauni, mahatchi awiri oiyendetsa analinso a tauni, a Tackett anali wantchito chabe. Pansi pa matabwa opondapo anthu panagona chigudumu chachikulu. Hatchi imodzi inkaima mbali ino, ina mbali inayo, zonse zomangirira pamitengo. Zikayamba kuyenda pamalo amodzimodziwo, chigudumu chinkazungulira kunsi kwa ziboda zawo n'kumatembenuza zopalasira madzi. Ntchito imeneyi imafuna hatchi yakhungu, chifukwa yopenya imachita chizungulire, ndiponso imaopa madzi. Barney, yamphongo, anabwera mu 1872 kuchokera kumgodi wa malasha kumene anasiya maso ake. Nell, yaikazi, anabwera pa 3 Meyi 1874. Mahatchiwa sanaonanepo chibadwire, koma wina sankasuntha mwendo asanamve chiboda cha mnzake chikugunda thabwa.

A Tackett anali munthu wosayankhulayankhula. Ana analibe. Barney ankamuitana kuti achimwene, Nell ankamuitana kuti mayi, ndipo akazi awo, mayi Drusilla, ankauza aliyense kuti iwo anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi uja wa miyendo inayi. Munthu akafika padoko mothamanga n'kuyamba kukuwa kuti achedwa, a Tackett ankangolavula fodya wawo wotafuna m'madzi n'kunena kuti, "Tauzani mayiwa, ndiwo eni ulendo."

Halbert inali tauni ya nkhumba. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale tinkapha nkhumba, ndipo chaka chonse tinkakhulupirira mafuta ake. Gudumu la ngolo likalira, mafuta a nkhumba. Mwana akapsa dzanja, mafuta a nkhumba. Nsapato, chitseko, tsitsi la mkwati, chifuwa cha agogo, zonse mankhwala ake anali amodzi. Ndikunena izi kuti mudziwe chifukwa chake amuna asanu ndi awiri a m'khonsolo, onse odziwa kuwerenga, anamvetsera munthu uja mpaka kumapeto osamuthamangitsa.

Whitlock anatsika sitima pa 14 Febuluwale 1881, ali ndi chipewa chachitali ndi beseni lamalata. Ankadzitcha Pulofesa, koma sukulu imene ankaphunzitsako dzina lake linkasintha malinga ndi amene wafunsa. Lolemba pa 7 Malichi anaonekera kukhonsolo. Bambo anga ndiwo anali mlembi, ndipo popeza maso awo anali atayamba kufooka, ine, wa zaka 19, ndinkakhala pambali pawo n'kumalemba. Buku la zokambiranalo ndili nalo mpaka lero.

Whitlock anadzaza beseni lija ndi madzi, n'kuikamo timabwato tiwiri tamatabwa, kena kouma, kena kopaka mafuta.

"Mabwana anga," anatero, "chimene chimachedwetsa bwato si kulemera kwake ayi. Madzi amaligwira. Ndiye inu anthu a kuno, chinthu chikamagwira mumachita nacho chiyani?"

"Timachipaka mafuta," anayankha Bambo Silas Ogle, wapampando, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza funso.

Whitlock anakankha timabwato tija. Kamafuta kanafika msanga tsidya lina. Anthu anaomba m'manja. A Tackett, amene anaima kukhomo chipewa chili m'manja, anati, "A Pulofesa, tasinthanitsani manja. Dzanja lamanjalo likuoneka kuti linadya bwino kuposa linzake."

Anthu anaseka, koma a Ogle anamenya tebulo. "Tackett, pano tikukamba za sayansi. Za ndowe za mahatchi tikuitanani."

Panalinso munthu wina amene sanaseke: Gustav Riemer, mwini nyumba yoyengera mafuta kumtunda kwa doko. Mafuta abwino Riemer ankawagulitsa kutali. Koma kuseri kwa nyumba yake kunali migolo ya mafuta ena, oyengedwa kuchokera ku matumbo, ku nkhumba zofera panjira, ndi ku chilichonse chimene chagwa osadzukanso. Ngakhale opanga sopo ankawakana. Riemer anaona kuti wapeza kotayira, ndipo tsiku lomwelo anakhala bwenzi la sayansi.

Anagula kabwato kakale ka injini ya nthunzi. Pamwamba pa injiniyo Whitlock anakhazikapo thanki, kuti kutentha kuzisungunula mafuta. Kuchokera m'thankimo, mapaipi anayi oboolaboola anatsikira kutsogolo ndi m'mbali, ndipo mafuta ankachucha m'thupi lonse la bwato ulendo wonse. Whitlock analitcha Mphezi. Anthu analitcha Chiwaya, ndipo dzina limenelo ndi limene linakhala.

Mpikisano unachitika Loweruka pa 19 Malichi. Kunkazizira mpaka madzi a m'ndowa kuundana. Chiwaya chinawoloka pa mphindi zisanu ndi imodzi, mahatchi pa mphindi khumi ndi imodzi. Mafuta ankati akangogwera m'madzi ozizirawo, ankauma n'kukhala zibuma zoyera, n'kupita ndi mtsinje. Fungo kunalibe.

A Tackett atakocheza anafika pamene panaima akuluakulu. "Bambo Ogle, ndili ndi pempho limodzi. Atseke mipopi ya mafutayo, awolokenso. Tione ngati chathamanga ndi mafuta kapena injini."

"Mwagonja, madala, pitani mukapume," anatero Whitlock. "Kapena mukufuna tipake mahatchi anuwo?"

A Ogle anakana pempholo. Anati khonsolo yaona ndi maso ake. M'buku muli mzere umodzi wokha wa tsikulo, ndinaulemba ndine, ndipo ndimachita nawo manyazi.

Lolemba pa 4 Epulo khonsolo inapereka doko kwa Whitlock. Pantoni yakale anaikokera pamchenga. Panatsala nkhani ya mahatchi, ndipo hatchi yakhungu ya zaka pafupifupi makumi awiri m'boma lonse wogula wake ndi mmodzi yekha. Riemer anali atakhala kale pabenchi lakutsogolo.

Tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinamva a Tackett akuyankhula mawu ambiri. Anatchula chaka cha chigumula pamene mahatchiwo anawolotsa mabanja makumi anayi tsiku limodzi. Anatchula maliro a mayi awo a Ogle, amene anawoloka pa pantoni yomweyo. Anapempha kuti awatenge azikawadyetsa okha.

"Katundu wa tauni sapatsidwa kwa munthu chifukwa walira," anatero a Ogle.

Riemer ndiye anabweretsa chimene anachitcha chifundo. Anati akufuna ngolo yotuta migolo kuchokera kwa iye kukafika padoko, mpaka paipi imene akukumba itatha. Yaikaziyo ikoke ngoloyo, Tackett aziiyendetsa. Paipi idzatha pa 1 Julayi, ndipo tsiku limenelo Nell adzalowa m'nyumba yoyengera. Yamphongoyo ilowe mawa.

M'mawa wa Lachiwiri pa 5 Epulo antchito a Riemer anabwera ndi chingwe, koma Barney anakana kusuntha. Anamukwapula, osatheka. A Tackett anatuluka, anawalanda chingwecho, n'kunena chapansipansi kuti, "Tiyeni, achimwene." Barney anawatsatira mseu wonse, mphuno yake ili paphewa pawo. Ndinawaona akudutsa pasukulu pamene ndinkaphunzitsa, nthawi ya 8 koloko. Pobwerera, cha m'ma 9, anali atanyamula bulangete la hatchi ndi zitsulo zinayi za kuziboda.

Kuyambira sabata imeneyo ankatuta migolo. Antchito a Riemer ankawaseka pokweza. "Uwu munyamule bwino, a Tackett, muli achimwene anu umu!" Wina n'kuwonjeza, "Musadandaule, akuwolotsabe anthu. Angosintha udindo." A Tackett ankamanga migolo, n'kupita kukagwira Nell pakamwa, chifukwa Nell akamva fungo la pamalopo ankanjenjemera thupi lonse.

Epulo anatha bwinoko. Kenako kunatentha.

Chaka cha 1881 chinali cha dzuwa loopsa, mvula inasowa, mtsinje unaphwa. Mafuta analeka kuundana. Ankayandama pamadzi ngati chikopa chotuwa, n'kukakamira m'mabango, pamiyala, pazingwe, pamiyendo ya abakha. Pofika pa 10 Meyi fungo linali litafika kusukulu, mtunda wa theka la mailosi, ndipo tinkaphunzitsa mawindo ali otseka ana akutuluka thukuta. Si fungo la nyama yowola lokha ayi. Linali lotsekemera pang'ono, lolemera, lokhala pakhosi, moti ukameza malovu unkaona ngati wameza supuni yake. Buledi ankamveka fungo lomwelo. Mkaka chimodzimodzi.

Bwatolo linali lakuda ndi ntchentche, moti dzina loti Mphezi silinkawerengeka. Makoswe ankayenda pachingwe masana dzuwa likuswa mtengo. Agalu a m'tauni yonse anasamukira kudoko, ankanyambita matabwa, n'kumasanza pomwepo, ena n'kubwera kudzadya masanziwo. Milamba inanenepa kuposa kale lonse, koma ukaitumbula munkatuluka zinthu zoti ngakhale mphaka ankazithawa. Ng'ombe za kumunsi kwa doko zinakana kumwa. Amayi ochapa kumtsinje ankabwerako ndi nsalu zonona kuposa mmene zinapitira.

Ndiye kuterera. Pa 14 Meyi mlimi wina wa tsidya lina la mtsinje, ku Illinois, anagwa chagada ndi dengu la mazira. Pa 23 Meyi dokotala wathu anathyoka dzanja potsika. Whitlock anathira utuchi pamatabwa, utuchiwo unasakanikirana ndi mafuta n'kukhala phala, ndipo m'phalamo munabadwa mphutsi. Pa 2 Juni ndinawoloka ndekha, ndili ndi wotchi ya bambo anga m'manja ndi mpango pamphuno. Mphindi khumi ndi zitatu. Udzu, nthenga ndi zinyalala zinali zitamatirira kunsi kwa bwato ngati ndevu. Whitlock ataona wotchiyo anandiuza kuti vuto ndi lakuti mafuta akuchepa.

Pa 6 Juni amayi 62 anasaina kalata yodandaula. A Ogle anaiwerenga, anaipinda, n'kunena kuti chitukuko chili ndi fungo lake, ndipo amayi azolowera monga anazolowera utsi wa sitima. Anali atanena pamaso pa anthu kuti bwatolo ndi nzeru, ndipo kubweza mawu kunkawawawa kuposa nseru. Ndinawaona ndi maso anga tsiku lina akutsika m'Chiwaya, n'kuzembera kuseri kwa mulu wa nkhuni, n'kubwerako akupukuta ndevu.

Paipi ya Riemer inkayandikira doko tsiku ndi tsiku. A Tackett ankadutsa m'mbali mwa ngalandeyo kanayi patsiku. Mayi Drusilla anauza mayi anga kuti bambowo asiya kudya, amangokhala m'khola n'kumapesa Nell.

Tsopano ndifotokoze za ubatizo. Mpingo wathu unkabatiza kamodzi pachaka, Lamulungu lomaliza la Juni, padziwe limene lili mayadi mazana awiri kumunsi kwa doko. Pamenepo mtsinje umakhota, madzi amazungulira pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chochokera kudoko chimayamba chazungulira padziwepo chisanapitirire. Chifukwa cha ichi, tsiku la ubatizo pantoni sinkayenda kuyambira 10 koloko mpaka 12. Lamuloli silinalembedwe paliponse. A Tackett ankangomasula mahatchi n'kukhala pansi, ndipo zaka khumi ndi zisanu zinapita popanda munthu kuganiza kuti pali wina amene amachita zimenezo. Sabata imeneyo madikoni anatenga masaka ndi mitengo, anayeretsa dziwelo masiku atatu, n'kumanga mpanda wa nthambi kumtunda kwake. Za kuimitsa bwato palibe anazikumbukira.

Loweruka pa 25 Juni, Whitlock anaimitsa ngolo ya a Tackett padoko. Mayi Drusilla anali pomwepo atabweretsa chakudya, ndipo ndi iwo anandiuza mawuwa.

"Tackett, mawa kubwera mabwana atatu ochokera mumzinda wa Evansville. Akakondwa, mabwato ngati ili adzadzaza Wabash yense. Ndikufuna gulu la anthu liwone. Kodi anthu amachuluka nthawi yanji kumtsinje kuno?"

"Mawa? Cha m'ma 11. Magombe onse awiri amadzaza."

"Basi, nthawi yake ndi imeneyo. Nanga madzi achepawa, bwato likumakhula mchenga pakati paja. Inu mwakalamba pamtsinje uno, mukuti bwanji?"

A Tackett anatafuna fodya wawo nthawi yaitali. "Ine za sayansi sindizidziwa, a Pulofesa. Koma mwakhala mukunena nokha kuti mafuta akuchepa."

"Ndi zimenezo! Nditsegula mipopi yonse inayi mpaka kumapeto. Mundibweretsere migolo isanu ndi umodzi."

"Yatsopano yatsala iwiri. Inayo ndi ija yakhala padzuwa kuseri chiyambire Epulo."

"Mafuta ndi mafuta, madala. Bweretsani."

Mayi Drusilla akuti anawayang'ana amuna awo, amuna awo anayang'ana hatchi.

Lamulungu pa 26 Juni kunacha kopanda mtambo ngakhale umodzi. Obatizidwa anali khumi ndi mmodzi, onse atavala zoyera. Woyamba pamzere anali Permelia Ogle, mwana yekhayo wa wapampando, wa zaka 16, tsitsi lake lofika m'chiuno atalimasula. Abusa analowa m'madzi mpaka m'chiuno, ife tikuimba kugombe. Nthawi ili 11 koloko ndi mphindi zisanu tinamva Chiwaya chikuliza wezulo.

Chinawoloka, chinabwerera, chinawolokanso, Whitlock ataima kutsogolo chipewa chili m'mwamba. Kumbuyo kwake kunkatsala mkwasa wotuwa, waukulu ngati mseu. Ndinauona ukutsetsereka, ukufika pampanda wa nthambi, ukuunjikana pamenepo, kenako mpandawo unagona. Fungo linafika poyamba. Nyimbo inayamba kuchepa mzere ndi mzere, chifukwa munthu sungaimbe utatseka pakamwa.

Abusa anali atatseka maso akupemphera, dzanja lili pamsana pa Permelia. Mayi wina anakuwa kuti dikirani, koma iwo anamva ngati ndi Amen. Anamumiza.

Pomudzutsa, manja awo anaterera. Anamugwira paphewa, anapulumuka. Anamugwira padzanja, linasololoka. Iwonso anaponda mwala wonona n'kumira. Permelia anatulukira yekha pataliko pang'ono, pamene madzi amazama, ndipo sindikanamuzindikira. Nkhope yonse inali itamatidwa zotuwa, m'tsitsi muli zidutswa za matumbo, ndipo zoyera zimene zinali pamapewa ake zinkayenda: zinali mphutsi. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, zinalowa. Madikoni awiri anathamangira m'madzi, koma aliyense womugwira ankangotsala ndi mafuta m'manja.

A Tackett anali pamtunda ndi ngolo yawo. Anamasula chingwe cha Nell, analowa m'madzi mpaka m'khosi, anamukoloweka mtsikanayo chingwecho m'khwapa, n'kumukokera kumtunda ngati thumba. Anamugoneka chafufumimba, ndipo mtsikanayo anasanza mpaka kulira kunabwera.

Gombe lonse linali likusanza. Sindikukokomeza. Anthu ovala za Lamulungu anagwada m'mabango mizeremizere, agalu akuthamanga pakati pawo. Mabwana a ku Evansville anatsika tsidya la Illinois, ndipo anabwerera kwawo podzera pamlatho wa sitima, mamailosi khumi ndi awiri kumtunda.

Mayi Ogle anapukuta nkhope ya mwana wawo ndi chipewa chawo chatsopano. Atatha anaimirira, anayenda mpaka pamene panaima amuna awo, n'kuwapaka chipewacho pamalaya kuyambira pakhosi mpaka pamimba.

"Nachotu chitukuko chanu, Silas. Muzolowera."

Lolemba pa 27 Juni khonsolo inakumana mawindo ali otseka, ndipo nkhani inatha pa mphindi zinayi: Whitlock anamulanda doko. Whitlock anayesa kufotokoza kuti cholakwa si nzeru yake koma mtundu wa mafuta, ndipo akanapatsidwa mafuta a nsomba zikanayenda bwino. Anakwera sitima pa 29 Juni, beseni lake analisiya. Chiwaya anachikokera pachilumba cha mchenga kumunsi, miimba inachisandutsa kwawo, ndipo mphepo ikachokera kumwera tinkachikumbukira, mpaka chigumula cha Febuluwale 1883 chinatichitira chifundo.

Koma za Nell zinali zisanathe. Khonsolo inalamula kuti pantoni yakale ibwerere pamadzi Lachisanu pa 1 Julayi, ndipo inati ngati hatchiyo ikutha kugwira ntchito ikhale, ngati ayi pangano la Riemer lilipobe. A Ogle sanayang'ane a Tackett ngakhale kamodzi ponena zimenezi. Ndikhulupirira kuti anali atayamba kale kuganiza za amene anadziwa kayendedwe ka madzi padziwe paja.

M'mawa wa tsikulo anthu anadzaza padoko. Wantchito wa Riemer anakhala pamgolo, chingwe chili pamwendo. Mbali ya Barney anamangako bulu wobwereka, koma buluyo ataona madzi anaswa matabwa awiri ndi mateche, ndipo anamuchotsa. Nell anatsala yekha pachigudumu. A Tackett anati, "Tiyeni, mayi." Nell anaimika makutu, kuwalozetsa mbali inayo, n'kudikira. Anamusisita, anamunyengerera ndi chipatso, anamukoka. Nell anangoima, akumvetsera chiboda chimene sichinkagunda.

"Hatchi yosayenda ndi mafuta, a Tackett," anatero wa chingwe uja. "Tisachedwetsane, moto ndasonkha kale."

"Ndipatseni theka la ola."

Anapita kunyumba chothamanga, munthu wa zaka 52. Pobwera tinawamva tisanawaone: go, go, go, pamiyala ya mseu. Anali atakhomera zitsulo za Barney kunsi kwa nsapato zawo, ndipo pamapewa anafunda bulangete la Barney, dzuwa la Julayi lili pamutu. Anthu anayamba kuseka. Mayi Drusilla ankabwera pambuyo pawo, nkhope ili gwa.

"Mukuseka chiyani?" anatero mayiwo. "Simunaonepo mwamuna atavala bwino? Tapatukani, ndikagwire chiwongolero."

A Tackett anakwera pamalo a Barney, anagwira mtengo ndi manja onse, n'kuponda thabwa. Go. Nell anatembenuza mutu, anakoka mpweya nthawi yaitali, mphuno zikunjenjemera. Go, go. Kenako anatsitsa mutu, anasuntha mwendo wakutsogolo, ndipo chigudumu chinalira n'kuyamba kuzungulira. Kuseka kunatha. Ndinayang'ana wotchi: anawoloka pa mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Wa chingwe uja anakulunga chingwe chake n'kumapita.

Anayenda pachigudumu chimenecho zaka zitatu ndi miyezi inayi, mayi Drusilla akuwongolera. Khonsolo inafuna kugula hatchi ina mu 1882, koma Nell anaikana, ndipo a Tackett anabwerera pamalo pawo. Mawondo awo anathera pamenepo. Zaka zonse zotsatira ankayenda ngati munthu wotsika masitepe. Nell anafa yekha m'khola pa 12 Novembala 1884. Riemer anatumiza ngolo, a Tackett anaibweza. Anakumba dzenje masiku awiri kuseri kwa khola, n'kuunjikapo miyala yoti amuna awiri sanganyamule.

Permelia anabatizidwanso mu Seputembala 1881, m'thanki ya madzi a pachitsime. Sanadyenso nyama ya nkhumba moyo wake wonse, tsitsi analidula ndipo silinakulenso kupitirira m'mapewa, komanso sanaperekepo moni kwa munthu amene anamuvuula. Anthu ankati ndi wosayamika.

Pa 21 Okutobala 1904 ndinapita kukawaona a Tackett ali gone. Ndinawafunsa funso limene ndinalisunga zaka 23, ngati ankadziwa kumene mafuta aja akapite.

"Mwana wanga, madzi a padziwe paja ndinkawadziwa kuposa nkhope ya mkazi wanga."

"Nanga Permelia?"

"Ndinkaganiza kuti fungo liwathamangitsa asanalowe m'madzi. Sindinkadziwa kuti abusa amapemphera atatseka ndi mphuno zomwe." Kenako anati, "Mwana uja sanandilakwire kanthu. Akamandidutsa osayankhula, amakhoza."

Ndinawafunsa ngati akanachitanso. Anatembenukira kukhoma, kumbali ya khola. Ine mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya Permelia ikutuluka m'madzi muja chakudya chimandikanika, ndipo sindinawakhululukire kwenikweni. Koma anthu asanu ndi awiri anakhala ndi masiku 84 oti atseke mipopi inayi, ndipo anasiyira ntchitoyo munthu amene anangotsala ndi masiku asanu oti apulumutse hatchi yake.

Mayi Drusilla anandipatsa nsapato zija mu 1909, atatsala pang'ono kumwalira. Zitsulo zake zinaperepeseka mpaka kupyapyala ngati mpeni wakale. Zili m'kabati mwanga, pamodzi ndi buku la khonsolo. A nyuzipepala akafuna chithunzi cha chinthu chimene chinawolotsadi anthu pa Halbert, abwere Lachitatu lililonse masana, ndimakhala ndilipo.